Tsiku limene Ababa anasoka ukonde ku Beira

Ababa ali ndi zaka 78, ine ndili ndi 41, ndipo moyo wanga wonse ndakhala nawo pafupi. Koma zoti amadziwa kusoka ukonde ndinakazidziwira ku Beira, mu Ogasiti 2024, nditaima pa mchenga ndi jumbo ya buledi m'manja. Chibwerere nkhaniyi yakhala ikundisowetsa tulo, ndiye ndati ndiilembe, mwina mtima ungapepuke. Inu amene munakulira kuno ku Harare ngati ine, m'nyumba zimene Chichewa chinkalankhulidwa chitseko chili chotseka, ndikhulupirira mumva chimene ndikunena.

Kombi yathu

Amuna anga ndi makanika, amagwirira ntchito ku Gazaland ku Highfield. Mu 2022 anagula Hiace yakale imene inali itatopa ndi kunyamula anthu pakati pa Mufakose ndi mtawuni. Anazula mipando yonse kusiya ya kutsogolo ndi umodzi wotsatira, n'kumaimanga pang'onopang'ono ndalama ikapezeka. Matabwa ankakagula ku Glen View, zitsulo ku Siyaso. Mkatimo anaikamo bedi la madirowa kunsi, sitovu ya gasi ya mapuleti awiri, zigubu ziwiri za malita 20, ndi sola padenga yotchajira mafoni ndi kuyatsira kababu kamodzi. Makatani ndi neti ya udzudzu ndinasoka ndine. M'mbali anamangirira lona yoti ukaitambasula imakhala ngati khonde, pansi pake n'kugonapo anthu awiri.

Anthu a mumzere wathu ankaima pampanda kufunsa ngati tikukonza galimoto ya sosaite yonyamulira maliro. Sindinawadabwe. Kwathu kuno ulendo wautali timaudziwa wa zovuta, kapena wokaoda katundu. Zoti banja lingonyamuka kukaona nyanja n'zachilendo.

Cholinga chathu chinali kukachezera anzathu atatu amene moyo unawamwaza: wina ku Sakubva ku Mutare, wina ku Beira, wina ku Vilankulo. Oyenda tinali ine, amuna anga ndi mwana wathu wamwamuna wa zaka 11. Za Ababa sitinaganizeko n'komwe. Chimwalirire Amayi sakonda kuchoka pakhomo, ngakhale ku msonkhano wa sosaite amachita kukokedwa.

Kutatsala mlungu umodzi anatuluka madzulo ndi ndodo yawo n'kuizungulira kombi ija kawiri. Anasuzumira mkati, kudina matiresi ndi chikhatho, kenako anatembenukira kwa amuna anga.

"Akamwini, msewu wa ku Beira umenewu umadutsa pa Dondo?"

Amuna anga anayang'ana pa foni nati inde, umadutsa.

"Ndiye mundisungire malo."

Pasipoti anali nayo. Anaidula pamene mlongo wawo anamwalira kumudzi, koma inatuluka maliro ataikidwa kalekale. Kuyambira pamenepo inkangokhala m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo, yopanda chidindo ngakhale chimodzi.

Kutsika mapiri

Tinanyamuka m'bandakucha Loweruka la tchuthi cha Heroes. Marondera, Rusape, kenako Christmas Pass, pamene mzinda wa Mutare umangoti balamanthu pansi pako. Ndi makilomita 260 ndi chakuti, koma kombi yathu sithamanga, tinafika dzuwa lili paliwombo. Mnzanga wa ku Sakubva, amene tinkaimba limodzi kwaya ku CCAP tili atsikana, anali atapha kale nkhuku. Anakanitsitsa zoti munthu wamkulu agone m'galimoto nyumba ilipo. Ababa nawo anakana kulowa kuchipinda. Anati iwo adzera kombi, ndiye agona m'kombi. Bedi lija linakhala lawo ndi mdzukulu wawo ulendo wonse, ife tinkagona pansi pa lona.

Pa boda ya Forbes tinakhalapo maola atatu chifukwa cha unyinji wa anthu a tchuthi. Viza safuna, koma galimoto ili ndi mapepala ake: kalata ya apolisi, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, ndi inshuwalansi ya ku Mozambique. Amene mukufuna kudzayenda njira imeneyi musaiwale matrayango awiri ndi kajekete konyezimira, amafunsa m'njira. Atawadindira ku Machipanda, Ababa anakhala pa benchi n'kumangoyang'ana tsamba lija, osalankhula, mpaka tinachita kuwakodola.

Kuchokera pamenepo msewu umangotsika. Manica, Chimoio, Inchope, mathanki a mafuta ndi mathiraki a makontena ali mdipiti uku ndi uku. Chisanu tinachisiya kumapiri, majuzi tinavula mmodzimmodzi. Titadutsa Nhamatanda dziko linakhala lathyathyathya, chigwa cha mtsinje wa Pungwe, minda ya mpunga ndi nzimbe mpaka pamene maso amalekezera.

Pa Dondo

Ababa anatiimitsa okha. Tinapatuka n'kufunsira njira ya ku siteshoni ya sitima, ndipo titafika anatsika osadikira kuti wina awagwire dzanja. Anaima pafupi ndi njanji, chipewa chili m'manja.

"Ndinafika pano usiku," anatero. "1963. Ndinali ndi zaka 17."

Anachoka kwawo ku Nkhotakota pa lole mpaka ku Salima, kumene njanji inkathera masiku amenewo. Sitima inawadutsitsa ku Balaka, Blantyre, Limbe, n'kutsikira ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Kenako mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wautali makilomita atatu ndi theka n'kupitirira; akuti ankaona ngati sutha. Njanji yochokera ku Nyasaland inkakumana ndi ya pakati pa Beira ndi Salisbury, kumene lero timati Harare, pa Dondo pomwepa, ndiye opita ku Halale ankatsika n'kudikira sitima ina.

Ali chikhalire pa kamtolo kawo, mkulu wina wobwerera ku ntchito anawauza kuti nyanja yaikulu ili pafupi, makilomita 30 okha, ya madzi a mchere, yoti tsidya lake silioneka ngakhale kunja kutayera bwanji. Mwana wa kunyanja mtima unamudyokoka. Koma tindalama tinali towerengeka, ndipo tikiti inali ya ku Salisbury.

"Ndinati ndidzaiona pobwerera. Ndinkati zaka ziwiri basi. Ndipeze ya msonkho, ndigule bulangeti la amayi ndi njinga, ndizipita kwathu."

Palibe anayankha. Aliyense anawerengera yekha chamumtima: zaka 61.

Mwana wanga Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona. Ndi iye anadula chete uja.

"Sekuru, nanga njingayo munagula?"

"Ndinagula zitatu, mdzukulu wanga. Zonse zinathera pa msewu wa ku ntchito."

Madzi atathawa

Mnzanga wa ku Beira tinakulira limodzi ku Mbare. Anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki ndipo amakhala ku Munhava. Kombi tinaiimika pabwalo pake, pansi pa mtengo wa mango. Nyumba zambiri kumeneko zili ndi miyala, matayala ndi matumba a mchenga pamwamba pa malata. Nditafunsa, anandisimbira za usiku wa pa 14 Marichi 2019, namondwe wa Idai atalowa mumzinda: denga lawo linapita lonse nthawi imodzi, iye ndi ana anakhala pansi pa tebulo mpaka kucha, mvula ikuwakhuthukira. Kwa masiku angapo kunalibe magetsi, kunalibe netiweki, ndipo msewu womwe tinadzera uja unali utaduka. Ife ku Harare tikamva Idai timaganiza za Chimanimani. Apa ndinamva za kumene anayambira kugwetsa. Mnzangayo anaisimba nkhaniyi akusenda anyezi, mawu ake osakwera osatsika, ndipo mpaka lero akuti mphepo ikangolimba usiku amadzuka kukagwira chitseko.

M'mawa mwake anatitengera ku Macuti, kumene kuli nsanja yowunikira sitima zapamadzi, ya mizere yofiira ndi yoyera, yomangidwa mu 1904. Patsogolo pake pali chigoba cha sitima chodyeka ndi dzimbiri.

Tinapeza madzi atathawa. Ku Beira nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi zina kusiyana kwake kumafika mamita 6. Patsogolo pathu panali mchenga wonyowa ndi matope, madzi ali kutali uko, ofiirira chifukwa cha dothi la mu Pungwe.

"Nyanja yapita kuti?" anafunsa Ababa.

Mnzanga anawafotokozera kuti ibwera masana. Anapukusa mutu. Kwawo madzi amakwera ndi dzinja n'kutsika ndi chilimwe, osati kuchoka m'mawa n'kubwera masana ngati munthu waganyu. Anavula nsapato, kupinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuyamba kuyenda, dzanja lina pa phewa la mdzukulu wawo, ndodo ikutitimira. Atafika anawerama, kutunga ndi chikhatho, kulawa, n'kulavula.

"Nanga anthu ali m'bwato akamva ludzu amamwa chiyani? Kwathu umangotunga."

Mtima wanga unagwa. Ndinaona ngati tawanyamula ulendo wonsewu kudzawaonetsa madzi amatope osamweka, pamene iwo anasunga m'mutu nyanja ina kwa zaka 61. Ndinawasiya atakhala pamthunzi n'kupita ndi mnzanga kukagula buledi, tija tating'ono tolimba khungu timene kumeneko amati pão.

Ukonde

Pobwera sitinawapeze pamene tinawasiya. Mwana wanga anatikodola ali chapatali, pamene panali mabwato atakokeredwa kumtunda.

Pamenepo panakhala mkulu wina wa msinkhu wa Ababa, wopanda malaya, miyendo atatambasula. Ukonde wobiriwira anali ataukola ku chala chachikulu cha kuphazi kuti ukungike, akusoka pong'ambika. Ababa anali ataima pambali pake, atatsamira ndodo, maso ali pa manja a mkuluyo.

"Muli tani?" anatero mkulu uja.

"Tili bwino, kaya inu anzathu?"

Iye ankalankhula Chisena, Ababa Chichewa, ndipo ankamvana. Pamene mawu asiyana ankalozerana. Nyanja iye ankati bara, bwato ankati mwadiya, ukonde ankati kokota. Ababa ankabwereza liwu lililonse pang'onopang'ono ngati akulilawa, kenako n'kutchula lakwawo. Atanena kuti kwawo ndi ku Nkhotakota, mkuluyo anagwedeza mutu n'kuloza kumpoto ndi chibwano.

Kenako Ababa anatambasula dzanja. Sanapemphe ndi pakamwa. Mkulu uja anawayang'ana kumaso, kuyang'ana dzanjalo, n'kuwapatsa singano yosokera ukonde, yaphanthiphanthi, yotalika ngati chikhatho, yokulungidwa ulusi wa nayiloni.

Munthu amene kunyumba timachita kumudzutsa pa sofa anakhala pansi pa mchenga yekha, kuponya ndodo pambali, kutambasula mwendo, n'kukola ukonde ku chala chakuphazi monga anachitira mwini wake. Anayamba wabwereka mpeni n'kudula tizingwe tonse tothothoka m'mphepete mwa chibowocho, mpaka chinaoneka ngati chakula. Anawerenga maso a ukonde ndi chala, milomo ikugwedera. Zala ziwiri za kumanzere anaziika ngati muyeso kuti diso lililonse lifanane ndi linzake.

Mfundo yoyamba inapulumuka. Yachiwiri inapulumukanso. Manja ankanjenjemera, mfundo za zala zotupa ndi nyamakazi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kunena kuti Ababa, abwezereni eni ake, mungawaonongere. Ndikuthokoza Mulungu kuti ndinatseka pakamwa.

Yachitatu inagwira. Anaikoka kawiri kuti aone, inakana kusuntha. Basi kuchokera pamenepo manja aja anayamba kuyenda okha: kulowetsa, kuzunguliza, kukoka, kulowetsa, kuzunguliza, kukoka. Kunjenjemera kuja kunatha. Ulusi ukatha ankaluma ndi mano a m'mbali amene anawatsalira, kulumikiza wina, n'kupitiriza. Patapita kanthawi analeka n'kuyang'ana komwe pa ukondepo, maso anali ku nyanja imene tsopano inali itayamba kubwerera, ndipo ankang'ung'udza kanyimbo kamene sindinakamvepo m'nyumba mwathu. Anyamata awiri amene ankakhetsa madzi m'bwato anasiya n'kubwera kudzaonerera. Chibowo chachikulu ngati lichero chinatsekeka ife tikuona.

Mwini ukonde anaunyamula, kuukoka mbali zonse, kuuyang'anitsitsa padzuwa, n'kunena kuti, "Takhuta."

Mwana wanga anaseka, chifukwa kukhuta amakudziwira pa nsima. Mnzanga anamunong'oneza kuti m'Chisena ndiko kunena zikomo. Ababa anabweza singano ija ndi manja awiri.

"Wothokoza ndine, achimwene."

Ine ndinali chiimire ndi jumbo ya buledi, misozi ikungotsika. Manja amenewa ndinkawadziwa akudulira maluwa a azungu ku Highlands, akupukuta pansi ndi kobra, akukanda masikono, akupopa tayala la njinga m'bandakucha. Anagwira ntchito m'mayadi ndi m'makhitchini zaka zoposa 40, ndipo ine ndinkaona ngati ndiyo ntchito imene anabadwira. Kuti asanagwire khasu la m'yadi la munthu anali msodzi, mwana wa msodzi, zinali zisanandifikepo m'mutu.

Unandifunsa liti?

Usiku umenewo, ena atagona, ndinawapeza atakhala pakhomo pa kombi, miyendo ili panja. Ndinakhala pa chigubu.

"Ababa, bwanji simunatiuzepo?"

"Unandifunsa liti, mwanawe?"

Sananene mokalipa, anangofunsa. Ndipo yankho ndinalibe.

Ndili Giredi 3 anzanga anayamba kunditcha mubhurandaya, ena mubwidi, maina onyozera anthu ochokera ku Malawi. Inu nonse mukuwadziwa mawu amenewa. Kuyambira chaka chimenecho ndinayamba kuwayankha Ababa m'Chishona. Tsiku lina anabwera kudzanditenga kusukulu n'kundiitana m'Chichewa pageti, anzanga akumva. Titafika kunyumba ndinawauza kuti asadzachitenso. Mwana wa zaka 9 kuuza bambo wake zimenezo. Sanandimenye, sanandidzudzule. Anangomvera, ndipo sanadzachitenso.

Chitupa changa chinakhala ndi chilembo A chija, chosonyeza kuti ndine mlendo, mpaka malamulo a dziko atasintha mu 2013, ngakhale ndinabadwira ku Mbare. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Ndinasangalala nawo, koma m'nyumba mwanga Chichewa chinali chitatsala cha pa pemphero, pa maliro ndi pokalipira mwana.

Zizindikiro zinalipo. Amayi akagula matemba a ku Kariba, Ababa ankatola kamodzi, kukatembenuza, n'kunena kuti aka si usipa. Ankanena zoona, kapenta anachita kubwera naye ku Kariba kuchokera ku nyanja ya Tanganyika m'zaka za m'ma 1960. Mu Juni mphepo yozizira ikamaomba ankayang'ana kumwamba n'kunena okha kuti, mwera uwu. Nsomba ankatumbula ndi iwo, mofulumira kuposa Amayi. Zonsezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku, osafunsa ngakhale kamodzi kuti anaziphunzira kuti.

Usiku umenewo anandiuza za achimwene awo aakulu. Anali ndi bwato limodzi awiriwo, losemedwa ndi bambo awo. Ukonde woyamba umene Ababa anaphunzirira unali wa luzi la bwazi, lopota pantchafu. Nayiloni inali ya anthu a ndalama. Atafika ku Salisbury ankalemberana makalata. Achimwene awowo ankapempha thandizo loti agule ukonde wa nayiloni. Ababa anali ndi ana asanu ndi mmodzi ndi malipiro a m'yadi. Kalata ikabwera ankati ndiyankha mwezi wamawa, ndikapeza koika mu envulopu. Mwezi unkatha, wina n'kubwera. Cham'ma 1980 makalata analeka kubwera.

"Ndikanalemba chiyani, manja ali lende? Ndipo usaganize kuti linalipo tsiku limene ndinati basi, kwathu sindidzapitanso. Ayi. Ndinkangoti chaka chamawa."

Mawu akuti mtchona ndawamva moyo wanga wonse, nthawi zambiri akunenedwa monyoza. Usiku umenewo ndi pamene ndinamva kuchokera kwa mwini wake mmene munthu amatchonera.

Kummwera

Ku Beira tinakhala masiku atatu, kenako tinabwerera ku Inchope n'kukhotera kummwera pa EN1. Chigawo cha pakati pa Inchope ndi mtsinje wa Save chinali ndi maenje oti galimoto imachita kusankha lolowamo. Tayala limodzi linaphulika tisanafike ku Muxungue, ndipo pamene amuna anga ankasintha ife tinkadya chinanazi chogula m'mbali mwa msewu, chotsekemera ngati chothira shuga. Tsiku lonse linathera pamsewu. Tinagona ku Inhassoro, kombi itayang'ana kunyanja, ndipo m'mawa Ababa atatsegula katani anapeza madzi obiriwira, oyera mpaka kuona mchenga wa pansi.

"Eya," anatero. "Iyi ndiye ikufanako."

Tinapita kukaona anthu akukoka khoka pagombe, mizere iwiri, amuna ndi amayi, akubwerera chambuyo ndi chingwe m'chiuno. Ababa anagwirako chingwe pang'ono, mdzukulu wawo ali kumbuyo kwawo.

Mnzathu wa ku Vilankulo ndi mnzawo wa amuna anga, anaphunzira limodzi ku Highfield, pano amaphika pa malo ena ogona alendo. Anatipezera poimika kombi kwa apongozi ake, pansi pa mitengo ya kokonati, ndipo mkazi wake anatiphikira matapa. Nditalawa ndinati ichi n'chigwada chotendera, kungoti athiramo mkaka wa kokonati ndi nkhanu. Iwonso ali ndi nkhani yawo ya namondwe: Freddy analowera pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023, n'kubwerera kunyanja, n'kudzalowanso cha ku Quelimane mu Marichi, ulendo umene anakapha anthu ambirimbiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Tinakhala pamkeka anthu a mayiko atatu tikusimba za mphepo imodzi.

Kutsogolo kwa tawuniyi kuli zilumba za Bazaruto, zotetezedwa ndi boma kuyambira 1971, ndipo pakati pake pamayenda ngalawa za matanga. Ababa ataziona anati agogo awo ankasimba za zombo zotere, za Jumbe, zimene zinkawolotsa akapolo ndi minyanga kuchokera ku Nkhotakota kupita tsidya lija. Iwo anali asanazionepo ndi maso.

Chichokere ku Beira, Ababa anali atatseguka pakamwa. Madzulo aliwonse tikayatsa kababu kaja, mpunga uli pa sitovu, ankayamba okha. Mphepo za kunyanja: mwera wochokera kummwera umene umagudubuza mabwato m'miyezi yozizira, mpoto, vuma. Nsomba: usipa wopha usiku ndi miuni, utaka, chambo, kampango, ndi mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Nkhungu zimene zimatuluka m'madzi ngati utsi, amayi n'kumazikola ndi malichero. Thamanda la Chia, kumene anaphunzirira kupalasa. Mwana wanga anatenga kope limene ndinamugulira kuti azilembamo za ulendo, n'kuyamba kulemba mawu amenewa. Ankafunsa kuti, "Agogo, nkhafi n'chiyani?" Ndinazindikira mochedwa kuti waleka kunena sekuru. Inenso ndinkafunsa, mafunso a mwana wa Giredi 3, ndipo ankandiyankha onse moleza mtima.

Tinafika mpaka ku Inhambane. Kombi tinaisiya ku Maxixe tsiku limodzi n'kuwoloka pa boti, kukayenda m'misewu yakale ya tawuniyo, kuona tchalitchi chakale ndi mzikiti, kugula mbibu pamsika. Mawa lake tinazungulira ndi galimoto mpaka ku Tofo. Inali nyengo imene anamgumi amabwera kudzaswana m'madzi ofunda, ndipo tinawaona ali kutali akupemerera madzi m'mwamba. Mwana wanga analumphalumpha. Ababa anayang'ana pang'ono, kenako maso awo anabwerera kwa anyamata amene ankakankhira boti m'mafunde, n'kumawauza chamumtima, milomo ikugwedera, nthawi yoyenera kukankha.

Pakhomo

Tinabwerera ku Mufakose patatha masiku 16, kombi yodzaza mchenga, makokonati ndi nsomba zouma zogawira anansi. Ku Vilankulo Ababa anagula singano ya ukonde ndi mpukutu wa ulusi ndi ndalama yawo. Pano amakhala pakhonde masana, ulusi atakola ku chala chakuphazi, akuluka kaukonde kopanda kokaponya, mdzukulu wawo ali pambali kuphunzira mfundo. Azibambo a sosaite akabwera amaima n'kumaonerera, ndipo awiri mwa iwo apezeka kuti nawonso ndi a kunyanja, wina wa ku Mangochi, wina wa ku Nkhata Bay. Akhala akuikira limodzi maliro zaka zonsezi osauzana.

Dzina la mudzi wawo ndinalilemba, pamodzi ndi la mfumu, la achimwene awo aja, ndi a ana awo awiri amene Ababa akuwakumbukira kuchokera m'makalata. Ndinapatsira mayi wina wa ku tchalitchi kwathu amene kwawo ndi ku Salima, ndipo walonjeza kuti akafunsa kwa abale ake ogulitsa nsomba. Sitinamvebe kanthu. Madzulo aliwonse ndikamachokera ku ntchito Ababa amandiyang'ana m'manja muli foni, ine n'kupukusa mutu, iwo n'kubwerera ku ulusi wawo.

Lamlungu lapitali anawaitana amuna anga kuti awaonetse njira pa foni. Nyamapanda, Tete, kuwoloka Zambezi, kulowera pa Dedza, kutsika phiri mpaka ku Golomoti, kenako Salima, n'kutsata nyanja mpaka ku Nkhotakota. Anafunsa ngati giyabokosi ingapirire zitunda. Amuna anga anati ayamba aitsitsa mvula ikatha. Ababa anakhala chete, kenako anadzuka ndi ndodo yawo kupita pamene pali kombi, n'kuyang'ana padenga, pambali pa sola.

"Akamwini, pamwambapa njinga ingakwane?"

Amuna anga analowa m'nyumba kukatenga tepi yoyezera.